Nyimbo Zakale za pa Wailesi ndi Kupukwa kwa Makolo Athu a m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Pulogalamu ya maphunziro: mphindi 30, wolankhula mmodzi

[CHIZINDIKIRO CHA PULOGALAMU: banjo ilire, kenaka itsike pansi pa mawu]

WOLANKHULA:

Ndiyamba ndawomba m'manja pamaso pa inu makolo athu a ku Thyolo, amene mphamvu za unyamata wanu zidathera m'mizere ya tiyi ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makwasa, ku Bandanga ndi kwa Conforzi, ndipo lero, dengu mudalitula, mukupumula m'midzi ya ku Bvumbwe, ku Thekerani, ku Goliati ndi ku Luchenza. Pakuti nkhani ya lero ndi yanu, ndipo ife otsalafe tangodza kudzakhala pa mapazi anu.

Funso limene tasonkhanira ndi ili. N'chifukwa ninji munthu wamkulu, wolimba mtima, amene adaona njala ndi maliro osagwetsa msozi pagulu, amadukiza nkhani pakati nazyolika akangomva pa wailesi mawu a Jim Reeves, a Skeeter Davis kapena a Don Williams, anthu amene sadawaonepo ndi maso, oyimba m'chiyankhulo chimene mwina iye sadachiphunzire m'kalasi? Adzukulu amaseka, nati tsabola wakale sawawa, agogo angokakamira zinthu zotha ntchito. Ine ndikuti tisagamule mlandu mboni zisanalankhule. Tiyambe talondola njira imene nyimbozi zidadzera kuti zifike m'makomboni a m'minda ya tiyi, ndipo pamenepo tidzazindikira chimene agogo akupukwa.

[NYIMBO: Jim Reeves, mphindi 1, itsike]

WOLANKHULA:

Tiyi adayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo, kumene azungu ankalemba kuti Cholo, adafika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Munda wa Satemwa udayambidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Manja amene adagwetsa nkhalango, nakumba maenje, nathyola masamba, ambiri mwa iwo anali a Alhomwe amene adawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, nadzakhala pakati pa Amang'anja. Ndipo pofika kuno adapeza goli lina lotchedwa thangata, lakuti wokhala pa nthaka ya mzungu azilipira malowo ndi thukuta lake, goli limene silidathyoke kufikira 1962. Anthu otere, pakuweruka madzulo, chisangalalo chawo chinali chokhacho chimene adadza nacho m'mitima ndi m'miyendo: ng'oma za tchopa, nyimbo za pamtondo ndi nthano za pamoto.

Mlendo woyamba kulowa pakati pa zimenezi anali galamafoni. Amuna amene adapita ku Joni kudzera kwa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, ndi ena amene adakagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, pobwerera ankasenza bokosi lopukusa ndi dzanja, pamodzi ndi mbale zakuda zosachedwa kusweka, zozungulira ka 78 pa mphindi, zimene mbali iliyonse inkasunga nyimbo ya mphindi 3 kapena kupitirira pang'ono. Nachotu chifukwa chake nyimbo zotchuka za masiku amenewo n'zazifupi: woyimba ankayenera kutsanula zonse za kumtima kwake singano isanafike pakati pa mbale.

Koma galamafoni inkangobwereza mbale zomwezo kufikira zitakandika. Chimene chidatsegula khomo kwenikweni ndi wailesi. Mu 1941 boma la Northern Rhodesia lidayamba kuulutsa mawu ku Lusaka pofuna kuuza anthu nkhani za nkhondo, ndipo nkhondo itatha nyumba imeneyo idakula nikhala Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'ziyankhulo zawo, Chinyanja chili momwemo. Chovuta chinali chakuti omverawo analibe chomverera. Tsono mkulu wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, adanyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yolimba, yotsika mtengo, yoyendera batire. Ndipo mu 1949 kudatuluka wailesi yobulungira, ya mtundu wa buluu, imene thupi lake linali sefuliya yopanda chogwirira, yotchedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake padera. Kwa wothyola tiyi ndalama imeneyo inali malipiro a miyezi yambiri. Chotero wailesi inkapezeka kwa kalaliki, kwa kapitawo wamkulu, kwa mphunzitsi kapena kwa dalaivala wa lole, ndipo khonde la munthu ameneyo, afune asafune, linkasanduka bwalo la komboni yonse.

Mawu amene ambiri adawakonda pa wailesi ya ku Lusaka anali a Alick Nkhata, woulutsa mawu ndiponso katswiri wa gitala, amene bambo wake anali wochokera kuno kwathu. Ndipo pulogalamu imene inkakoka anthu koposa inali Zimene Mwatifunsa, m'mene omvera ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale a kutali. Talingalirani, omvera anga, mayi amene mwamuna wake adalowera ku migodi ya ku Kitwe kapena ya ku Wankie, zaka n'kupita kalata osabwera, tsiku lina ali khale pakhonde la kapitawo amve dzina lake ndi la mudzi wake zikutuluka m'sefuliya ija, pambuyo pake nyimbo imene mwamunayo wamusankhira. Kodi mayi ameneyo adzaiwala nyimboyo asanalowe m'manda? Kuyambira pachiyambi pomwe, nyimbo ya pa wailesi idafika kwa ife itanyamula dzina la munthu.

[NYIMBO: Alick Nkhata, mphindi 1, itsike]

WOLANKHULA:

Pa 6 Julayi 1964 dziko lathu lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo chaka chomwecho kudakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation, imene nyumba yake youlutsira mawu ili ku Chichiri mu Blantyre. Pa 31 Julayi, mbendera yatsopano isanathe mwezi ili m'mwamba, Jim Reeves adafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville ku America. Taonani chodabwitsa: zaka zonse zimene Amalawi adamukonda pa wailesi yawoyawo, mwini mawu anali atagona kale, ngakhale ku Britain nyimbo yake yotchedwa Distant Drums idakwera pamwamba pa zinzake zonse mu 1966, iye kulibe.

Nanga chidakoma n'chiyani m'nyimbo za munthu wa ku Texas kwa anthu a m'mphepete mwa mtsinje wa Nsuwadzi? Mawu ake anali okuya ndi osathamanga, kotero kuti ngakhale amene adalekezera sukulu panjira ankatolapo liwu apa ndi apo. Mayimbidwe ake sanali kutali ndi a nyimbo za m'tchalitchi, zimene makutu a anthu adazizolowera ku Malamulo, mishoni imene idayamba mu 1902, ndi m'mipingo ina. Ndipo nkhani zake, pamodzi ndi za Skeeter Davis, Dolly Parton, Kenny Rogers ndi Don Williams amene adadza pambuyo pake, zinali za mkazi wotsala kutali, za mayi wokalamba, za kwawo kumene munthu adachoka, za umphawi ndi za Mulungu. Izitu sizinali nkhani zachilendo kwa munthu wogona m'nyumba ya kampani, wodziwa kuti tsiku limene ntchito idzatha, denga nalo lidzatha.

Pofika nthawi imeneyo mawailesi adachepa msinkhu ndi mtengo womwe, popeza adayamba kuyendera mabatire a tochi. Kudabwera a Supersonic ochokera ku Bulawayo, kudabweranso a Nzeru olumikizidwa konkuno ku Blantyre. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti akokeko usiku wina umodzi. Waya ankamangidwa ku nthambi ya bulugama kuti mawu amveke bwino. Ndipo mwana wokhudza wailesi bambo kulibe ankadziwa yekha chimene chimudikira.

Achinyamata a masiku amenewo, amene lero ndinu a imvi, sankakhuta ndi nyimbo zofatsa zokha. Kutsidya kwa nyanja kudabuka mayimbidwe aphokoso a magitala a magetsi, otchedwa rock and roll: Elvis Presley ku America, Cliff Richard ndi The Shadows ku Britain, kenaka The Beatles a ku Liverpool, amene adagwedeza maiko kufikira atapatukana mu 1970. Wofuna kumva zimenezi zikadali zamoto ankadikira kuti akulu agone, napotokola chosakira masiteshoni pang'onopang'ono, khutu lili pa wailesi, kufikira atapeza LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, imene inkayimba nyimbo zatsopano usana ndi usiku, ndipo idatsekedwa mu Okutobala 1975, Mozambique atalandira ufulu.

Mwina mudadzifunsapo kuti bwanji masiteshoni akutali ankamveka bwino dzuwa likalowa. Kumwamba, kuyambira pa makilomita 60 kupita m'mwamba, kuli mpweya umene kuwala kwa dzuwa kumaudzaza mphamvu ya magetsi, umene asayansi amautcha ionosphere. Mafunde a wailesi akafika kumeneko amabwezedwa pansi, nakatera kutali ndi kumene adachokera. Masana gawo la m'munsi la mpweyawo limameza mafunde ambiri asanafike pobwezedwa. Koma mdima ukagwa gawolo limazilala, njira n'kutseguka. Ndipo popeza mpweyawo sukhazikika, mawu ankakwera ndi kutsika, nyimbo n'kuzimirira pokoma penipeni, n'kubweranso itatsala pang'ono kutha. Chifukwa chake inu agogo mumakumbukira nyimbozi pamodzi ndi mdima, ndi kuzizira kwa chiperoni, ndi utsi wa koloboyi.

[NYIMBO: The Beatles, mphindi 1, itsike]

WOLANKHULA:

M'zaka za m'ma 1970 gumbagumba idalowa m'malo mwa galamafoni, ndipo pa tsiku lolandira fumbi linkakwera m'misika ndi m'mabawa a m'mbali mwa maesiteti. ABBA a ku Sweden adatchuka mu 1974. Ndipo mu 1978 gulu la Boney M lidafalitsa Rivers of Babylon, nyimbo imene idayamba kuyimbidwa ndi The Melodians a ku Jamaica mu 1970, ndipo mawu ake ambiri adatengedwa mu Salimo 137, salimo la akapolo olirira kwawo ali m'dziko la eni. Adzukulu a anthu amene adawoloka malire ndi mtolo pamutu, ndi ana a amuna amene adatchona ku Joni, sadafunikire womasulira kuti amve chimene nyimboyo inkanena, pakuti adachimva kale pa guwa, ndipo adachiona kale m'nyumba mwawo.

Alipo ena amene amati kukonda nyimbo zimenezi kunali kudzipeputsa ndi kutaya zathu. Kwa iwo ndiyankha ndi mawu a makolo, akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo kalumoko ana a kuno adakalandira nametera mitu yawo. Mu 1960 Chubby Checker wa ku America adavinitsa anthu gule wa twisti. Pofika 1967, pamene Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, adakumana ndi anyamata apachibale Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, adawapeza akuyimba twisti, sinjonjo ndi simanjemanje pa chitoliro cha kwela ndi gitala, mwa njira imene ku America kulibe adaiganizira. Ku Zambia, Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family adayimba rock m'Chinyanja. Ndipo konkuno ku Thyolo kudatuluka Allan Namoko, wosaona, amene adatcha gulu lake Chimvu River Jazz Band: dzina la jazi ndi lochokera kutali, koma mtsinjewo ndi wathu, banjo ndi ng'oma zinali zosula kumudzi, ndipo kulira kwa nyimbo zake, monga Lameki ndi Ana Osiidwa, n'kwa Alhomwe ndi Amang'anja. Iye adatisiya mu 1995. Amene ankamvera Jim Reeves usiku ndi omwewo ankavina za Namoko Loweruka, ndipo mtima sunkawatsutsa.

[NYIMBO: Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, mphindi 2, itsike]

WOLANKHULA:

Tsopano tafika pa mutu wa mlandu. Kupukwa si nthenda ya ku Thyolo kokha ayi. Mu 1688 wophunzira za udokotala wina ku Basel, dzina lake Johannes Hofer, adalemba za anthu a ku Switzerland amene ankadwala, nawonda, chifukwa cholakalaka kwawo. Ndipo olemba a pambuyo pake adasimba kuti asilikali a dzikolo otumikira mafumu achilendo ankaletsedwa kuyimba nyimbo ya abusa a ng'ombe a kumapiri kwawo, poopa kuti angathawe usilikali. Malembo Oyera nawo achitira umboni kuti zeze wa Davide ankatonthoza mtima wosautsika wa mfumu Sauli. Akatswiri a za maganizo a masiku ano apeza kawirikawiri kuti munthu wokalamba akafunsidwa za moyo wake, zimene amakumbukira mowala koposa ndi za pakati pa zaka 10 ndi 30 za kubadwa, nthawi imene adayamba kukonda, kulandira ndalama yake yoyamba ndi kudzisankhira njira. Ndipo osamalira okalamba odwala matenda a kuiwala aona kuti munthu wosazindikiranso mwana wake angathe kutsatira nyimbo ya pa unyamata wake mpaka kumapeto.

Izi zikutiuza chifukwa chake nyimbo za pa unyamata zimakanirira m'mtima. Koma pa nyimbo za pa wailesi pali zina ziwiri zoonjezera. Choyamba, zinkadikiridwa. Nyimbo inkadza pa nthawi yake, kamodzi kokha, popanda woibweza. Ukachedwa ku sikelo, kapena kumtsinje, yakupita, udikire sabata ya mawa. Ndipo chimene munthu adachidikira amachisunga. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, zinkamvedwa pamodzi. Pakhonde paja pankakhala mnzako wa mzere umodzi, pankakhala msungwana amene unkamuyang'ana m'mbali ukuopa alongo ake, pankakhala mlonda wokalamba wonyoza nyimbo za ana koma osachokapo. Lero ambiri a iwo adatsogola. Tsono agogo akazyolika, sakulirira Nashville kapena Liverpool, kumene sadapondeko. Akuwerenga anthu amene anali pakhonde, ndipo nyimbo ija ndiyo yokha yatsala yodziwa maina awo onse.

Komabe, makolo anga, mundilole ndinene mwaulemu mawu amodzi a chenjezo. Mtima pokumbukira umachita monga wothyola tiyi waluso, amene amatenga masamba awiri anthete ndi nsonga, nasiya okhwima pa mtengo. Masiku amene nyimbo zinkakoma ndi omwewo amene malipiro anali ochepa, mvula ikukukunthani m'munda kuyambira Disembala mpaka Epulo, ana akusiya sukulu kukathandiza kudzaza dengu. Ndi omwewo amene lamulo la 1968 lidaika bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia, ya 1970, idaletsedwa chifukwa cha dzina lokha, lofanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira, amene anali wolandira alendo ku nyumba ya boma nthawi imeneyo. Ndi omwewo amene kuyambira 1973 mkazi sankaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo mnyamata wotsanzira tsitsi la The Beatles ankakumana ndi lumo. Tikamauza ana kuti kale kunali kokoma, tiwauzenso kuti kukomako kudamera pakati pa minga, kuti angayese kuti tikuwaitanira kubwerera ku goli.

Ndipo inu achinyamata, musayese kuti zanu n'zopanda chilema. Kuyambira pamene MBC idatsegula Radio 2 mu 1997, masiteshoni achuluka. Lero nyimbo zikwizikwi zili m'kamemori kakang'ono m'foni mwanu, ndipo palibe wokuletsani. Uwu ndi ufulu, ndipo tiyenera kuuyamika. Koma yense amamvera yekha, mawaya ali m'makutu, wokhala naye pa mpando umodzi osadziwa chimene mnzake akumva. Paja akale adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Zaka zikadzapita, nyimbo zanu zidzakukumbutsani yani?

[NYIMBO: Don Williams, pansipansi, ipitirire pansi pa mawu]

WOLANKHULA:

Ndisanatsanzike ndili ndi pempho. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyo mawu a anthu amene adafa kalekale akumvekabe, osungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa. Chimene iye adachita ndi makina odzaza galimoto, inu mungachichite ndi foni ya m'thumba. Pitani kwa agogo anu sabata ino, muwayimbire nyimbo imene amaikonda, ndipo ikatha muwafunse kumene adaimvera koyamba, wailesi inali ya yani, pakhondepo panali yani, ndi ntchito imene ankagwira chaka chimenecho. Mujambule mayankho awo, mulembe tsiku ndi dzina la mudzi. Mbale ndi makaseti amene ali m'sutikesi musawataye, ndipo muwasunge kutali ndi dzuwa ndi chinyontho. Aphunzitsi a m'masukulu a m'maesiteti, itanani okalamba adzasimbe m'kalasi. Ndipo anzanga oulutsa mawu, mukamayimba nyimbo zakale tchulani chaka ndi dzina la woyimba, ndipo pambali pa Jim Reeves muikepo Namoko ndi a Kachamba, pakuti onsewo adalera mbadwo umodzi.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapokha pali wowasunga. Chitani ichi eni nkhani akadali ndi mpweya.

[CHIZINDIKIRO CHA PULOGALAMU: chikwere mpaka kumapeto]